NDALAMA ZOYEZERA MOWA ZIFIKE PA MSEU WA BEMBEKE



Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka nkhani imene inatigawa pakati, ndipo tinabalalika dzuwa litalowa tisanamange mfundo. Funso lake linali lakuti: kodi nkoyenera kuti ife tipemphe Boma ndi maiko otithandiza kuti apatule ndalama zapadera zopatsa apolisi a m'boma lathu la Dedza, zoti azigwirira anthu oyendetsa galimoto ataledzera? Akuluakulu ambiri anavomera. Koma anyamata a njinga zamoto, pamodzi ndi amai amene amakwera malole ndi matumba a kachewere kunka ku Lilongwe, anakana kwamtuwagalu, nati kupatsa wapolisi wa pamseu ndalama zina kuli ngati kusungitsa fisi mbuzi. Ine ndinatanganidwa ndi kulemba zokambidwa, chotero sindinayankhule. Lero ndiyankhula. Ndikuti tipemphe ndalamazo, ndipo tipemphe molimba. Koma tinene poyera chimene tifuna kuti zigule, ndiponso kuti tidzaziwerenga ife eni.

Palibe mmodzi wa ife amene sadziwa mseu wa M1. Ndiwo munda wathu wachiwiri. Kachewere, kabichi, tomato ndi mapichesi zimene timalima m'mapiri muno zimasanduka sopo, mchere ndi fizi ya ana m'mphepete mwa mseu umenewu, pa mphambano ya Bembeke ndi pa Lizulu. Koma mseu womwewo ndiwo ulumikiza Blantyre ndi Lilongwe, ndipo usana ndi usiku mumadutsa mabasi, malole a katundu, matanki a mafuta ndi timagalimoto todzaza anthu mpaka kumbuyo. Kuno kumtunda kuli nkhungu. M'miyezi ya June ndi July pali madzulo ena pamene munthu suona ng'ombe ili pa mtunda woponya mwala. Pa Masasa papatuka mseu wotsetsereka kunka ku Golomoti, wa makhota amene ngakhale dalaivala wosalawa ndi kadontho komwe amagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Tsono pa mseu wotere muikepo munthu amene wamwa.

Ndisanabwere kuno ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya m'mbali mwa mseu waukulu, kutali ndi kwathu kuno. M'kalasi langa la Sitandade 6 munali mtsikana wochenjera pa masamu, amene madzulo ankasenzera amake beseni la tomato pochoka ku msika. Loweruka lina galimoto yaing'ono inasiya phula ndi kumpeza m'mbali mwa mseu, momwe anali kuyenda bwinobwino. Anthu onse amene anathamangirapo anamva fungo la mowa pakamwa pa dalaivalayo. Koma panalibe chomuyezera, ndipo pofika mmawa fungolo linali litatha. Mlandu unathera pa mau akuti inali ngozi. Lolemba ndinaitana maina, ndipo ndinafika pa dzina lake ndisanakumbuke kulidumpha.

Chimene ndinaphunzira pamenepo nchakuti mphuno si mboni. Lamulo la Pamseu la chaka cha 1997 linaletsa munthu kuyendetsa galimoto ngati m'mamililita 100 a magazi ake muli mowa wofika magalamu 0.08. Lamulo limeneli likunena za muyeso, ndipo muyeso ufuna sikelo. Wogula nyemba sakangana ndi wogulitsa za kukula kwa thumba. Amalikoleka pa sikelo, mkangano nkutha. Sikelo ya mowa ndi kamakina kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene dalaivala amauziramo mpweya. Popeza mowa wa m'magazi umatulukira m'mapapo pamodzi ndi mpweya, kamakinako kamaonetsa nambala. Popanda iko, pamaso pa woweruza pamangotsala mau a wapolisi ndi mau a dalaivala, ndipo dalaivala amabwera ku khoti atameta, atavala taye. Ndinene modutsa kuti malire athuwa ngofatsa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza 0.05, ndipo ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali ku ntchito, anaika 0.05 kwa aliyense ndi 0.02 kwa oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi katundu mwa malipiro. Koma zimenezo nza aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Ife tiyambe taona lamulo limene tili nalo likugwira ntchito.

Alipo ena pakati pathu, ndipo ndawamva ndekha pa bawo, amene amati dalaivala weniweni amayendetsa bwino akalawako pang'ono, ati mowa umachotsa mantha ndi tulo. Mundilole ndichite masamu monga m'kalasi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Chipinda chophunziriramo chimakhala ngati mamita 8 m'litali mwake. Ndiye kuti pa kuphethira kumodzi kwa ulesi galimotoyo yadutsa zipinda pafupifupi zitatu. Ntchito ya mowa m'thupi ndiyo kuchedwetsa uthenga wochoka ku diso kunka ku phazi la pa buleki, ndi kumnamiza munthu kuti lero ndiye katswiri kuposa masiku onse. Mantha amene mowa umachotsawo ndiwo amasunga ana athu. Musanyengedwenso ndi za kusamba madzi ozizira, kumwa tiyi wowawa kapena kudya nsima ya nkhuku utamwa kale. Mowa umachotsedwa m'magazi ndi chiwindi, pang'onopang'ono, ndipo botolo limodzi limatenga ola lathunthu kapena kuposapo. Amene wamwa kufikira tambala woyamba, akadzuka kukakweza anthu mmawa amakhala akali woledzera ngakhale wasintha malaya.

Kodi anthu akutha angati? M'lipoti lake la 2018 bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2016 anthu oposa 5,000 anafa pa miseu ya Malawi, pamene m'mabuku a Boma munalembedwa 1,100 ndi kanthu. Kusiyana kumeneku kukutiuza za ife a kumidzi: ambiri amafa patapita masiku, ena ku chipatala, ena atabwerera kumudzi, ndipo maina ao safika m'buku lililonse. Si onse anaphedwa ndi mowa, ayi. Alipo a liwiro, a matayala akutha, a maenje. Koma mwa zonsezi mowa ndiwo umene munthu amadziika nao yekha, ndi ndalama zake, akudziwa kuti kutsogolo kuli ulendo.

Tsono ndalama zimene tikupemphazi zigule chiyani? Apa ndi pamene anthu ambiri amaphophonya, poganiza kuti nduna ikapereka makina pa mwambo, ojambula nkujambula, ndiye kuti ntchito yatha. Makina oyezera mowa si khasu lakuti ukagula kamodzi ulima nalo zaka zisanu. Dalaivala aliyense amauzira m'kapaipi kakekake katsopano, kotaya akatha. Timapaipi tikatha, makina agona m'kabati. Makinawo afunika kuwapimanso nthawi ndi nthawi kuti asaname, monga momwe a Boma amapimira masikelo a m'masitolo, apo ayi loya wochenjera adzawakana m'khoti. Afuna mabatire. Apolisi eni ake afuna galimoto yokhala ndi mafuta, matochi, malaya owala usiku, malo otetezeka oimikapo galimoto ya wogwidwa, ndi malipiro a ntchito ya usiku. Pakuti mowa suyenda 10 koloko mmawa, pamene timawaona ataima pa mthunzi akufunsa mapepala. Umayenda Lachisanu ndi Loweruka usiku, pa tsiku la msika dzuwa likapendeka, pa kutha kwa mwezi, pa Khirisimasi, ndi pobwera ku ukwati ndi ku ziliza. Ndalama zimene sizingaimike wapolisi pa mphambano yathu 9 koloko usiku m'chisanu cha July sizinagule kanthu.

Anzathu a maiko ena anayamba kale kuona zimenezi, ndipo ndi nzeru kuphunzira pa chilonda cha mnzako. Ku Britain, m'chaka cha 1967, nduna ya za mtengatenga mai Barbara Castle anabweretsa makina oyezera mowa pamodzi ndi malire omwewa a 0.08. Madalaivala anachita mantha, ndipo m'chaka choyamba imfa za pamseu zinachepa ndi anthu oposa 1,000. Koma patapita zaka zowerengeka anthu anaona kuti nkwapatali kuti munthu aimitsidwe ndi kuyezedwa, mantha aja anazilala, ndipo khalidwe lakale linayamba kubwerera. Ku Australia, m'chigawo cha New South Wales, anachita mwina. Kuyambira December 1982 apolisi anayamba kuimika aliyense wodutsa, wolakwa ndi wosalakwa yemwe, pa malo osayembekezeka ndi nthawi iliyonse, ndipo m'chaka choyamba chokha anayeza madalaivala pafupifupi miliyoni imodzi. Kumeneko imfa zinatsika ndipo zinakhala zotsika. Ife aphunzitsi timachidziwa chinthu chimenechi. Mphunzitsi wamkulu amene amayendera makope kamodzi pa chaka ndi chikwapu chachikulu sasintha ana. Amawasintha ndi uja amene angalowe tsiku lililonse nkunena kuti, tiyeni makope pamwamba. Dalaivala saopa kukula kwa chilango chimene sayembekeza kukumana nacho. Amaopa kugwidwa. Chifukwa chake ndalamazi zisakhale za sabata imodzi ya Khirisimasi, koma zolembedwa kuti zidzabwera chaka ndi chaka.

Wina adzafunsa kuti, nanga zichokera kuti, popeza Boma limalira umphawi? Ku America boma lalikulu la ku Washington limapereka ndalama chaka ndi chaka ku zigawo za dzikolo, zigawozo nkugawira apolisi a m'matauni, ngakhale aang'ono, kuti alipire maola a usiku osakira oledzera, ndipo olandirawo amayenera kulemba malipoti a ntchito imene agwira. Ife sitili America, koma mseu wathu suyenda chabe. Chipata cholipiritsa cha pa Chingeni chinayamba kutolera ndalama mu November 2021, ndipo cha pa Kalinyeke, m'boma lathu lomwe lino, mu January 2022. Ndalamazo zimanka ku Roads Fund Administration kuti zikonze miseu. Palibe amene akana kukwirira maenje. Koma mseu wosalala wopanda woulonda umangowonjezera liwiro la woledzera, ndipo sichingakhale chamanyazi kupempha aphungu kuti kagawo kakang'ono ka ndalama zotere, ndi ka zindapusa za pamseu, kalembedwe kuti nka ntchito imeneyi. Ngakhale otithandiza akunja anaonetsa kale kuti nkhani ya M1 amaimva. M'chaka cha 2015 World Bank inavomera madola 69 miliyoni a ntchito za pa mseu umenewu ndi m'zipata za m'malire, ndipo m'menemo munatuluka ma ambulansi oyesera pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, oitanidwa pa nambala ya 118. Tinathokoza. Koma ambulansi imafika munthu atagona kale pa phula, pamene wapolisi wokhala ndi choyezera amafika galimoto isanamugunde.

Nditembenukire kwa inu anyamata a kabaza ndi inu amai a malonda, pakuti mau anu aja sindinawataye. Mukunena zoona. Tonse takhalapo m'minibasi pamene kondakitala amatsika ndi kanthu m'dzanja, nkubwerera dzanja lili lopanda kanthu, galimoto nkupitirira ndi anthu ake opyola muyeso. Makina oyezera mowa m'dzanja la munthu wosakhulupirika sachita china koma kukweza mtengo wa "ya fanta". Bwana woledzera wa galimoto yonyezimira adzapereka nadutsa, ndipo mnyamata wa njinga amene alibe chopereka ndiye adzagona m'chitokosi. Zikakhala choncho ndiye kuti tagulira fisi mano atsopano. Komabe ndikufunseni: tikakana ndalamazi, kodi chiphuphu chidzatha? Chidzakhalapo monga chilili, ndipo woledzera adzadutsabe, kungoti tsopano popanda ndi womufunsa yemwe. Ndiponso tisaiwale kuti apolisi ambiri ndi ana a m'midzi ngati yathu, a malipiro ochepa, ndipo ndi iwo amene amatola mitembo pa phula ife titafunda mabulangete. Alipo pakati pao amene angagwire ntchito imeneyi ndi mtima wonse atapatsidwa zida.

Mankhwala ake a mantha anuwo ndi kuwala. Makina ambiri a masiku ano amasunga okha mbiri ya kuyeza kulikonse, tsiku lake, ola lake ndi nambala yake. Tipemphe kuti agulidwe otere, kuti wapolisi amene wayeza anthu 40, asanu nkupezeka opyola malire, adzafotokoze kumene asanuwo ananka. Mwezi ndi mwezi pakhomedwe pepala ku ofesi ya Khonsolo ya Dedza ndi ku bwalo la Mfumu Kamenyagwaza, lonena kuti kunalowa ndalama zingati, zinagula chiyani, anayezedwa angati, ndi angati anafika ku khoti. Chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti ya Boma. Ndipo ayezedwe onse amene afika pa chingwe, minibasi, lole, galimoto ya Boma, ya abusa, ya a phungu athu omwe. Tsiku limene anthu adzaona bwana wamkulu akuuzira m'kapaipi ndilo tsiku limene adzakhulupirira. Chinanso, ndipo ichi ndichinena mosabisa: ndalamazi zisakathere m'mahotela a kunyanja, kumene anthu amaphunzira za kuopsa kwa mowa usana nkukauyesa usiku. Kuphunzitsa wapolisi kugwira kamakina kameneka sikufuna mphepo ya ku Salima. Mphamvu yofunsa tili nayo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za Boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Pali Independent Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa potsata Lamulo la Apolisi la 2010 kuti imve madandaulo a anthu pa apolisi. Palinso Anti-Corruption Bureau. Maofesi amenewa sadzabwera okha ku Bembeke kudzatifunsa ngati tili ndi vuto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Patsala mbali imene ena a inu simudzakondwa nayo. M'chaka cha 2019 madokotala anayeza anthu oposa 1,200 amene anafika ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe atavulala pamseu. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwa mowa. Koma amene anatsogola sanali madalaivala a mabasi ndi malole. Anali oyenda pansi: mwa khumi alionse, anayi anali atamwa. Oyenda pansiwo ndife, abale anga. Ife a kuno, Angoni ndi Achewa, sitidana ndi mowa, ndipo ine sindilemba ngati mlaliki. Makolo athu ankamwa masese pa dima, pa ukwati ndi pa ngoma, ndipo woledzera ankagona pomwepo, kapena ankadzandira m'kanjira ka kumunda kumene choipa chachikulu chinali kugwera m'mzere wa mbatata. Lero kanjira kaja ndi phula, ndipo chimene tikumwa si masese. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma ukali womwewo unabwerera m'timabotolo ting'onoting'ono, kuwonjezera pa kachasu wathu. Bambo wagulitsa kachewere wake, wamwa theka la ndalama pa mphambano, wavala jekete lakuda, ndipo akubwerera kwao pakati pa mseu m'nkhungu. Kodi pamenepo tidzati wolakwa ndi wapolisi?

Palibe makina amene angayeze munthu aliyense woyenda pansi. Apa ndi ntchito ya mafumu, ya makomiti a chitetezo cha m'midzi ndi ya ife a nthambi. Ndipempha kuti m'kalata yathu tilembemo kuti gawo lina la ndalamazi lifike kwa makomiti amenewa, ligule matochi ndi malaya owala, kuti madzulo a msika pakhale anthu owolotsa ana ndi operekeza amene miyendo yawakana. Mafumu athu agwirizane ndi eni mabala a m'mbali mwa mseu za nthawi yotsekera. Ndipo inu a kabaza muli ndi apampando anu pa siteji iliyonse. Ngati mumatha kumlipiritsa mnzanu amene walanda kasitomala, mungathenso kumlanda makiyi amene wafika akununkha. Mukatero mudzaima pamaso pa apolisi ngati anthu ofunsa, osati ngati ogwidwa. Kunena za ife okwera, ndachitapo manyazi ine mwini kukhala chete kumbuyo kwa dalaivala amene ndinaona akutsegula kabotolo, poopa kuti anditsitsa m'thengo usiku. Tikadayankhula anthu khumi pamodzi sakadatitsitsa tonse.

Kalata yathu idzanka kwa Bwanamkubwa wa Dedza, kwa makhansala ndi phungu wathu, kwa mkulu wa apolisi wa boma lino, ndi ku Directorate of Road Traffic and Safety Services ku Lilongwe. Koma kalata ya madandaulo okhaokha amaiika pansi pa zinzake. Ifuna manambala, ndipo manambala enieni ali m'mitu mwanu ndi kumanda kwathu. Chotero ndipempha wapampando wa mudzi uliwonse kuti pa msonkhano ukudzawu abwere ndi chiwerengero cha anthu a m'mudzi mwake amene anafa kapena kulumala pamseu m'zaka zisanu zapitazi: malo ake, mwezi wake, usana kapena usiku, woyenda pansi kapena wokwera, ndiponso ngati panamveka za mowa, kaya kwa dalaivala kaya kwa wogundidwayo. Musalembe maina a anthu, ndipo musabise za mowa pofuna kulemekeza malemu. Amene avutika kulemba abwere ku sukulu tikaweruka, ndidzamlembera. Mapepala ndili nao.

Mlembi wa Nthambi,
Bembeke.